Makhadi a njuga

Makhadi a njuga, omwe amatchedwanso makhadi osewerera, ndi timapepala tolimba tofanana kukula tomwe anthu amagwiritsa ntchito pa masewero, pochita matsenga a m'manja komanso potchova njuga. Khadi lililonse lili ndi mbali ziwiri. Kumaso kwake kumakhala nambala kapena chithunzi, pamene kumsana kumakhala chojambula chofanana pa makhadi onse, n'cholinga choti munthu asadziwe khadi lomwe mnzake wagwira. Paketi yodziwika kwambiri ku Malawi ndi m'maiko ambiri ili ndi makhadi 52, ndipo kawirikawiri amawonjezeramo ma joker awiri.

Kupatula paketi wamba, pali mapaketi ena a zithunzi zapadera omwe amajambulidwa potsatira mutu umodzi, monga nyama, mbiri ya dziko kapena luso lotchedwa steampunk. Pa mapaketi otere chimasintha ndi chithunzi, koma magulu ndi nambala zimakhala zomwezo, choncho amatha kuseweredwa ngati makhadi ena onse. Kuyambira kalekale, makhadi akhala akuyendera limodzi ndi njuga komanso malamulo oletsa njugayo. Ku Malawi chitsanzo chodziwika ndi chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, komwe kutchova njuga n'koletsedwa ndi lamulo la mfumu.

Dzina

Liwu loti khadi linachokera ku Chingerezi. Liwu loti njuga, lomwe ena amalemba kuti juga, limanena za masewero alionse obetcherana ndalama kapena katundu, koma anthu ambiri akalimva amaganiza za makhadi. Liwuli limapezekanso m'Chishona cha ku Zimbabwe, ndipo limafanana ndi liwu la Chipwitikizi loti jogar, lomwe limatanthauza kusewera. Chifukwa choti dzina la makhadi ndi la kubetcherana zinaphatikizana, m'mabanja ambiri mwana akapezeka ndi makhadi amamukayikira ngakhale asanabetche kanthu.

Magulu a makhadi

Paketi ya makhadi 52 imagawidwa m'magulu anayi, ndipo gulu lililonse lili ndi makhadi 13. Magulu awiri ndi ofiira: hearts, lomwe chizindikiro chake ndi mtima, ndi diamonds, lomwe chizindikiro chake ndi kabokosi koima ndi ngodya. Awiri enawo ndi akuda: spades, looneka ngati tsamba losongoka lokhala ndi phesi, ndi clubs, looneka ngati masamba atatu olumikizana.

M'gulu lililonse muli khadi la A, makhadi a manambala kuchokera pa 2 kufika pa 10, ndi makhadi atatu a anthu. K ndi mfumu, Q ndi mfumukazi, ndipo J ndi mnyamata wa kunyumba yachifumu. Makhadi a anthu onse pamodzi alipo 12. Ku France makhadiwa ali ndi mayina. Mwachitsanzo, mafumu anayi ndi David, Charles, César ndi Alexandre.

Makhadi ambiri amapangidwa m'miyeso iwiri. Otchedwa poker size amatalika mamilimita pafupifupi 89 ndipo m'lifupi mwake ndi mamilimita 63.5. Otchedwa bridge size amatalika chimodzimodzi koma m'lifupi ndi mamilimita pafupifupi 57, kuti munthu athe kugwira makhadi 13 m'dzanja limodzi.

Mbiri

Akatswiri ambiri a mbiri yakale amavomereza kuti makhadi anayambira ku China, dziko lomwe linayambanso kupanga mapepala ndi kusindikiza ndi matabwa osema. Imodzi mwa nkhani zakale kwambiri zotchula makhadi a pepala momveka bwino ndi ya mlandu wa m'chaka cha 1294, pamene anthu awiri anagwidwa akutchova njuga, ndipo akuluakulu a boma analanda makhadi awo pamodzi ndi matabwa osindikizira.

Patapita nthawi makhadi anafika ku Egypt, mu ulamuliro wa a Mamluk omwe analamulira kuchokera mu 1250 mpaka 1517. Mu 1939 katswiri wina dzina lake Leo Aryeh Mayer anapeza paketi ya a Mamluk ku nyumba yachifumu ya Topkapı mumzinda wa Istanbul. Magulu ake anali zikho, ndalama zachitsulo, malupanga ndi ndodo zosewerera polo. Pa makhadiwa panalibe nkhope za anthu, koma panali maluwa, mizere yokongoletsa ndi zolemba za Chiarabu.

Ku Ulaya makhadi anayamba kudziwika m'zaka za m'ma 1370. Mu 1377 mzinda wa Florence unakhazikitsa lamulo loletsa masewerowa, ndipo m'chaka chomwecho wansembe wina, Johannes wa ku Rheinfelden, analemba buku lofotokoza mitundu ya mapaketi yomwe anaiona. Dera lililonse linasankha zizindikiro zake. Ku Italy ndi ku Spain anasunga zikho, ndalama, malupanga ndi zibonga. Ku Germany anasankha mitima, mabelu, masamba ndi zipatso za mtengo wa oak. Cha m'ma 1480 anthu a ku France anapeza zizindikiro zinayi zomwe zafala masiku ano. Zizindikirozi zinali zosavuta kusindikiza chifukwa chilichonse chinkafuna mtundu umodzi wokha wa utoto, ndipo zimenezi zinatsitsa mtengo wa makhadi.

Makhadi a ku England anatengera maonekedwe a makhadi a mumzinda wa Rouen ku France. Boma la Britain linkadula msonkho pa paketi iliyonse, ndipo kuyambira mu 1765 chizindikiro cha msonkhowo chinkasindikizidwa pa khadi la A la spades. N'chifukwa chake mpaka pano khadi limeneli limakongoletsedwa kuposa ena ndipo limakhala ndi dzina la kampani yopanga. Msonkhowu unathetsedwa mu 1960.

Zinthu zingapo zomwe zimaoneka ngati zakale zinafala m'zaka za m'ma 1800. Kunafala kujambula makhadi a anthu ndi mitu iwiri, wina m'mwamba wina m'munsi, kuti wosewera asamatembenuze khadi n'kudziwulula. Tinambala ta m'makona tinafala m'zaka za m'ma 1860 ndi 1870. Joker anayambira ku United States cha m'ma 1860 pa masewero otchedwa Euchre.

Nyama pa makhadi akale

Kujambula nyama pa makhadi kunayamba kalekale. Paketi ya ku Stuttgart, yomwe inajambulidwa ndi manja cha m'ma 1430, ili ndi magulu anayi a nyama ndi mbalame za ku ulenje: agwape, agalu, abakha ndi akabawi. Mwa makhadi 52, atsala ndi 49, ndipo amasungidwa ku Landesmuseum Württemberg. M'zaka zomwezo mmisiri wina wa ku Germany, yemwe amangodziwika ndi dzina loti Master of the Playing Cards, anazokota makhadi pa mkuwa okhala ndi mbalame, agwape, zilombo zolusa ndi maluwa.

Paketi yakale kwambiri ya makhadi 52 yomwe ilipobe yathunthu inapangidwa cha m'ma 1475, ndipo inagulidwa mu 1983 ndi Metropolitan Museum of Art ya ku New York. Magulu ake ndi zida za ulenje: malipenga, makolala a agalu, zingwe zomangira agalu ndi misampha. M'zaka za m'ma 1700, ku Germany ndi ku Austria kunafala makhadi a masewero a tarock okhala ndi zithunzi za nyama zenizeni ndi zongopeka.

Ku Asia nakonso nyama zimapezeka pa makhadi. Makhadi ozungulira a ganjifa a ku India ali ndi mtundu wina wa makhadi 120 m'magulu 10, ndipo ena mwa magulu ake ndi nsomba, kamba ndi nguluwe. Ku Japan, komwe makhadi a ku Ulaya anafika ndi amalonda a Chipwitikizi m'zaka za m'ma 1500, kuli hanafuda, paketi ya makhadi 48 yogawidwa potsatira miyezi 12 ya chaka. Pa makhadiwa pali maluwa, mbalame, agulugufe, gwape ndi nguluwe. Kampani ya Nintendo inayamba mu 1889 mumzinda wa Kyoto ngati yopanga hanafuda.

Mapaketi a zithunzi zapadera

Popeza makhadi ndi otsika mtengo ndipo amadutsa m'manja mwa anthu ambiri, akhala akugwiritsidwa ntchito pophunzitsa, pa ndale komanso potsatsa malonda. Mu 1644 ku France anapanga makhadi ophunzitsira Louis XIV, yemwe pa nthawiyo anali mwana, za mbiri ndi maiko. Analemba mawu ake ndi Jean Desmarets ndipo anazokota zithunzi ndi Stefano della Bella. Pa nthawi ya kuukira ufumu ku France, m'zaka za 1793 ndi 1794, opanga makhadi anachotsa mafumu ndi mafumukazi n'kuikapo zithunzi zoimira ufulu ndi kufanana kwa anthu. Mu 2003 asilikali a United States anapatsidwa makhadi a nkhope za akuluakulu a boma la Iraq omwe ankafunidwa, ndipo Saddam Hussein anali pa A wa spades.

Mtundu wina ndi wa makhadi omwe zizindikiro zake zimasandutsidwa mbali ya chithunzi. Mwachitsanzo, mitima isanu ya pa khadi la 5 ikhoza kukhala nkhope za anthu asanu, koma mtima uliwonse uyenera kukhala pa malo ake a nthawi zonse. Paketi yoyamba yathunthu yamtunduwu inasindikizidwa ndi J. G. Cotta wa ku Tübingen cha m'ma 1804.

Masiku ano mapaketi ambiri a zithunzi zapadera amapangidwa ndi ojambula oima paokha. Kuyambira pomwe tsamba la pa intaneti la Kickstarter linatsegulidwa mu 2009, wojambula amatha kuonetsa zithunzi zake, anthu ofuna paketiyo n'kulipiriratu, ndalamazo n'kulipira fakitale yosindikiza. Mapaketi otere amasindikizidwa ochepa. Amawagula ndi anthu osonkhanitsa makhadi, ochita matsenga a m'manja, ndi okonda cardistry, lomwe ndi luso lozunguza ndi kutambasula makhadi m'manja mokongola. Osonkhanitsa ena satsegula n'komwe paketi, chifukwa yosatsegula imagulitsidwa mokwera mtengo.

Nyama za steampunk

Steampunk ndi mtundu wa nkhani zopeka ndi zojambula zomwe zimayerekeza dziko limene makina oyendera nthunzi a m'zaka za m'ma 1800 anapitirira kutukuka osalowedwa m'malo ndi petulo ndi makompyuta a masiku ano. Liwuli linayambitsidwa ndi wolemba mabuku wa ku America, K. W. Jeter, m'kalata yomwe inatuluka m'magazini ya Locus mu Epulo 1987. Olemba amtunduwu amatengera kwambiri mabuku a Jules Verne ndi H. G. Wells. Limodzi mwa mabuku odziwika ndi The Difference Engine la William Gibson ndi Bruce Sterling, lomwe linatuluka mu 1990.

Nyengo ya makina a nthunzi yomwe steampunk imakumbukira inafikanso pa nyanja ya Malawi. Sitima yoyamba ya Ilala, yomwe inabwera ndi amishoni a Livingstonia, inalowa m'nyanjayi mu Okutobala 1875, ndipo inkayenda ndi nthunzi ya madzi owiritsidwa ndi nkhuni. Sitima ya Chauncy Maples inapangidwa ku Glasgow, inanyamulidwa zidutswazidutswa, ndipo inayamba kuyenda mu 1901. Njanji inafika ku Salima mu 1935. Mapaipi, mawilo a mano, mabawuti ndi mawotchi oyezera mphamvu ya nthunzi omwe ankapezeka pa sitimazi ndi zinthu zomwezo zimene ojambula a steampunk amadzaza nazo zithunzi zawo.

Nyama zamakina nazo zili ndi mbiri yake. Mu 1739 Jacques de Vaucanson wa ku France anaonetsa bakha wachitsulo yemwe ankakupiza mapiko ndi kujompha chakudya. Buku la Jules Verne la mu 1880, La Maison à vapeur, limasimba za njovu yachitsulo yoyendera nthunzi yomwe inkakoka nyumba ziwiri ku India. Mumzinda wa Nantes, kwawo kwa Verne, muli njovu yamakina yotalika mamita 12 yomwe yakhala ikunyamula alendo kuyambira mu 2007. Kujambula nyama zovala ngati anthu kunatchuka ndi J. J. Grandville m'zaka za m'ma 1840, komanso ndi John Tenniel, yemwe mu 1865 anajambula kalulu wovala jekete atagwira wotchi ya m'thumba m'buku la Alice's Adventures in Wonderland. M'buku lomwelo mulinso anthu omwe ndi makhadi a njuga.

Pa paketi ya nyama za steampunk, wojambula amatsatira imodzi mwa njira ziwiri. Njira yoyamba ndi kujambula nyama yamoyo itavala zovala za ku Ulaya za nthawi ya Mfumukazi Victoria, monga chipewa chachitali, jekete ndi magalasi oteteza maso. Njira yachiwiri ndi kujambula nyama yomwe thupi lake ndi makina, yokhala ndi magiya m'mimba, mapiko amkuwa ndi utsi wotuluka m'mphuno. Mitundu yofala ndi yofiirira ngati chikopa, yachikasu ngati mkuwa wopukutidwa, ndi yakuda. Ntchito yaikulu imakhala pa makhadi 12 a anthu, ma joker, A wa spades, kumsana ndi pa kabokosi. Kampani zikuluzikulu nazo zinalowa m'malondawa, ndipo chitsanzo ndi paketi ya Bicycle Steampunk.

Tanthauzo la nyama limasiyana malinga ndi dera. Ojambula a ku Ulaya ndi ku America amakonda kadzidzi chifukwa kwawo amaimira nzeru, pamene m'midzi yambiri ya ku Malawi kulira kwa kadzidzi pafupi ndi nyumba kumatengedwa ngati malodza. M'nthano za Chichewa wochenjera ndi kalulu, pomwe m'nthano za ku Ulaya udindo umenewu ndi wa nkhandwe. Mkango wokha ndi womwe umatengedwa ngati mfumu mbali zonse ziwiri.

Ngakhale wojambula ali ndi ufulu, pali zinthu zomwe sangazisinthe ngati akufuna kuti makhadi aseweredwe. Nambala ndi chizindikiro cha m'kona ziyenera kuwerengeka msanga, magulu ofiira ndi akuda asiyane bwino, ndipo kumsana kuoneke chimodzimodzi ngakhale khadi litatembenuzidwa chadodolido. Paketi yophwanya mfundozi imangokhala yosunga kapena yoonetsa.

Kapangidwe

Khadi labwino limapangidwa ndi mapepala awiri omatidwa ndi guluu wakuda. Guluuyu amatchinga kuwala kuti munthu asaone nambala ali kumsana kwa khadi. Pamwamba amapakapo mankhwala oterera, ndipo makhadi ena amawadinda timaenje ting'onoting'ono tosunga mpweya kuti aziterera bwino posakaniza. Makhadi onse a paketi imodzi amasindikizidwa pa chipepala chimodzi chachikulu kenako n'kudulidwa.

Palinso makhadi apulasitiki, omwe amakhalitsa ndipo amatha kutsukidwa. Makhadi apepala savutira kuonongeka pa malo a chinyontho monga kunyanja: amafufuma, amapindika, ndipo m'mphepete mumada ndi thukuta. Khadi likakhala ndi banga kapena kona yopindika, osewera atcheru amalizindikira, ndipo apa ndi pomwe pamayambira mikangano yambiri ya pa njuga.

Imodzi mwa kampani zodziwika ndi United States Playing Card Company, yomwe inayamba mu 1867 ku Cincinnati ngati kampani yosindikiza ya Russell, Morgan & Co. ndipo inatulutsa makhadi a Bicycle mu 1885. Mu 2019 inagulidwa ndi Cartamundi ya ku Turnhout m'dziko la Belgium. Mumzinda wa Turnhout mulinso nyumba yosungirako makhadi akale ndi makina owasindikizira.

Masamu a makhadi ndi njuga

Njira zosanjira makhadi 52 ndi zochuluka kwambiri, moti nambala yake ili ndi madijiti 68. Paketi ikasakanizidwa bwino, n'zokayikitsa kuti dongosolo lomwe latulukalo linaonekapo kale pa dziko lapansi. Mu 1992 akatswiri a masamu Dave Bayer ndi Persi Diaconis anasonyeza kuti pamafunika kusakaniza pafupifupi kasanu ndi kawiri, mwa njira yogawa paketi pawiri n'kulowetsana, kuti makhadi asakanizike mokwanira.

Mwayi wotola khadi la A pa paketi yathunthu ndi 4 mwa 52, kutanthauza kamodzi pa maulendo 13 alionse. Mwayi wotola khadi la gulu lomwe munthu watchula ndi kamodzi pa maulendo anayi. Khadi silikumbukira zomwe zachitika m'mbuyo, choncho munthu amene waluza kasanu alibe mwayi wochuluka pa ulendo wachisanu ndi chimodzi. Komanso njuga ya pakati pa anthu sibala ndalama yatsopano. Zomwe wina wapata ndi zomwe anzake ataya, ndipo ngati mwini malo amadulako kenakake pa ulendo uliwonse, osewera onse pamodzi amachoka ndi zochepa kuposa zomwe anabwera nazo.

Ku Malawi

Makhadi a magulu a Chifalansa ndi zilembo za Chingerezi ndi omwe anafala ku Malawi, monganso m'maiko ena omwe ankalamulidwa ndi Britain. Amagulitsidwa m'magolosale ndi m'misika, ndipo ambiri ndi ochokera kunja. Anthu amasewera m'makomo, m'sukulu zogonera komweko, pa malo okwerera basi ndi m'madoko a asodzi. Ambiri amangosewera pofuna kutayitsa nthawi, monga momwe amachitira ndi bawo. Amalawi okhala ku South Africa amakumananso ndi masewero a kumeneko monga Casino, Klawerjas wa ku Cape Town ndi Thunee wa ku Durban.

Chipembedzo cha Chisilamu, chomwe chili ndi anthu ambiri m'maboma a Salima, Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota, chimaletsa njuga, ndipo mipingo yambiri ya Chikhristu imalangizanso anthu ake kuti aipewe. Kumbali ya boma, lamulo la Gaming Act la mu 1996 linakhazikitsa bungwe la Malawi Gaming Board kuti lizipereka ziphaso kwa ochita malonda a njuga. Lamulo la mu 2022 linaphatikiza bungweli ndi loyang'anira malotale n'kupanga Malawi Gaming and Lotteries Authority. Ana osakwana zaka 18 saloledwa kutchova njuga. Komabe njuga ya makhadi ya pansi pa mtengo kapena kuseri kwa msika imachitika kutali ndi maso a mabungwewa, ndipo m'madera ambiri oiletsa amakhala mafumu, makolo ndi makomiti a m'mudzi.

Lamulo la ku Mbenji

Mbenji ndi chilumba cha miyala chomwe chili pa nyanja ya Malawi, pamtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera kugombe la boma la Salima, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. Asodzi ambiri opita kuchilumbachi amanyamukira pa doko la Chikombe. Madzi ozungulira Mbenji amadziwika ndi nsomba za utaka, zomwe zimaphedwa ndi makoka a chilimira.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, usodzi wa pachilumbachi wakhala ukuyendetsedwa ndi malamulo a mfumu. Lamulo lalikulu ndi lotseka usodzi m'nyengo ya mvula. Mu Disembala asodzi onse amachoka pachilumba, ndipo amabwerera mu Epulo pambuyo pa mwambo wotsegulira, pomwe akuluakulu amapereka nsembe kwa mizimu ya makolo. Nthawi yotsekayi imapatsa nsomba mpata woswana ndi kukula, komanso imapatsa asodzi mpata wolima kumtunda.

Palinso malamulo a khalidwe. Pachilumbachi saloleza mowa, chamba ndi njuga. Amayi saloledwa kufikapo. Komiti yomwe imagwira ntchito pansi pa mfumu ndi imene imaonetsetsa kuti malamulowa akutsatidwa, ndipo wolakwa amalipitsidwa chindapusa kapena kuthamangitsidwa pachilumba.

Kuletsa njuga kumagwirizana ndi mmene moyo wa pa malo a usodzi umakhalira. Amuna ambiri ochokera m'madera osiyanasiyana amakhala mothithikana kwa miyezi ingapo, kutali ndi mabanja awo. Ogwira ntchito pa makoka amalandira gawo lawo nsomba zikagulitsidwa, choncho ndalama zimayenda m'manja pafupipafupi. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera imatha kuwinduka kwa masiku angapo, mabwato osalowa m'madzi, anthu n'kungokhala. Pa malo otere njuga imatha kumeza ndalama ya nyengo yonse usiku umodzi, n'kusiya ngongole, kuba ndi ndewu. Chilimira chimafuna anthu angapo okoka mogwirizana, kotero mkangano wa anthu awiri umaononga ntchito ya gulu lonse. Ndalama yomwe yapulumuka ku njuga ndi yomwe imakafika kumudzi kukagula chimanga, feteleza ndi kulipira sukulu.

Lamulo la ku Mbenji limayang'ana mchitidwe wobetcherana, ndipo maonekedwe a khadi alibe nawo gawo. Paketi yotsika mtengo ya pa golosale ndi paketi yodula ya mkango wa magiya zili ndi makhadi 52 omwewo ndi mwayi womwewo, motero zonse zikhoza kukhala zida za njuga.

Dongosolo la ku Mbenji linayamba zaka zambiri boma lisanakhazikitse lamulo la Fisheries Conservation and Management Act la mu 1997, lomwe linapereka mpata woti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali poyang'anira usodzi kudzera m'makomiti a m'madoko. Ofufuza a ku Mzuzu University ndi University of Strathclyde ya ku Scotland aphunzira mbiri ya chilumbachi, ndipo Mbenji imatchulidwa kawirikawiri ngati chitsanzo cha malo omwe malamulo a makolo athandiza kusunga nsomba. Malamulo oteteza nsomba ndi malamulo a khalidwe, kuphatikizapo loletsa njuga, amalengezedwa limodzi ndipo amayang'aniridwa ndi komiti imodzi.